Momwe mungayesere choletsa pa enzaimu yomwe imagaya zinthu zingapo

Izi ndikulembera makamaka anzanga a pharmacy, a biomedical ndi a chemistry amene mukupanga pulojekiti yoyesa mankhwala kapena zitsamba pa enzaimu inayake, komanso inu amene muli kale ku chipatala ndipo mumalembera anthu enalapril, allopurinol kapena ma ARV okhala ndi ritonavir tsiku ndi tsiku. M'kalasi amatijambulira enzaimu imodzi, sabusitireti imodzi (chinthu chomwe enzaimuyo imagaya), kamuvi, kenako chotulukapo, nde munthu umakula ndi maganizo oti ukaletsa enzaimuyo waletsa chinthu chimodzi basi. M'thupi nthawi zambiri sizikhala choncho ayi. Ma enzaimu ambiri omwe mankhwala amalimbana nawo ali ngati chigayo cha pamsika, wina wabwera ndi chimanga, wina mawere, wina makaka, wina soya wa phala la mwana, onse akudikira makina amodzi omwewo, nde ukatseka chigayocho chifukwa wadana ndi wogayitsa chimera, wogona ndi njala sakhala iye yekha.

Yambani ndi pepala ndi cholembera, pipette ibwera pambuyo. Lembani chinthu chilichonse chomwe chimadziwika kuti enzaimu yanuyo imachiphwanya kapena kuchisintha, osati chokhacho chomwe a supavaiza akuuzani. Pa intaneti pali BRENDA yomwe imasunga za ma enzaimu ambirimbiri, pali MEROPS ngati yanuyo ndi yodula mapulotini, pali UniProt, zonsezi ndi zaulere bola mukhale ndi bandulo. Pa chilichonse lembani kuti chimapezeka pati m'thupi, chimachuluka bwanji, Km yake (mlingo wake womwe umayendetsa enzaimu pa theka la liwiro lake lonse) ndi yotani, chikaunjikana munthu amamva bwanji, komanso funso lomwe ambiri amalidumpha koma ine ndimaliona lalikulu kuposa onsewa, kodi enzaimu iyi ikatsekedwa ilipo ina yomwe ingachotse chinthuchi?

Tengani enzaimu ya ACE mwachitsanzo, ija timaitseka ndi captopril, enalapril ndi lisinopril pa BP. Aliyense amadziwa kuti imatenga angiotensin I wa ma amino acid 10, kudulako awiri kumapeto, n'kupanga angiotensin II amene amafinya mitsempha. Koma enzaimu yomweyo imaphwanyanso bradykinin, imaphwanya substance P, imaphwanya kapeputaidi kena kotchedwa Ac-SDKP. Ndipo za bradykinin zinkadziwika kuyambira pachiyambi penipeni, chifukwa Sérgio Ferreira wa ku Brazil mu 1965 anafotokoza kuti mu ululu wa njoka ya jararaca muli zinthu zowonjezera mphamvu ya bradykinin, ndipo kuchokera ku zimenezo ndi komwe David Cushman ndi Miguel Ondetti a ku Squibb anafika pa captopril, yemwe analoledwa ku America mu 1981. Bradykinin ndi substance P zikaunjikana pakhosi ndi m'mapapo ndi chifuwa chouma chija, chokanda pakhosi, chosatulutsa makhololo, chomwe chimagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse. Kwathu kuno munthu akatsokomola masabata angapo timathamangira kuyeza TB ndipo ndi bwino kutero, koma tsegulaninso buku lake la kuchipatala muone ngati sanayambe enalapril miyezi yapitayi. Choopsa kwambiri ndi kutupa milomo, lilime ndi pakhosi kuja, angioedema, komwe kumagwira anthu akuda kangapo kuposa azungu, nde ife si nkhani yoti tiziiwerenga ngati ya kutali.

Funso lija loti ilipo ina yochotsa, onani kulemera kwake apa. Bradykinin samachotsedwa ndi ACE yokha, palinso neprilysin ndi aminopeptidase P zomwe zimathandiza. A Bristol-Myers Squibb anapanga omapatrilat kuti azitseka ACE ndi neprilysin nthawi imodzi, BP inkatsika bwino zedi, koma pa kafukufuku wa OCTAVE wa anthu pafupifupi 25,000 kutupa kuja kunachuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi enalapril, ndipo mankhwalawo sanafike pamsika. N'chifukwa chake sacubitril, yemwe amatseka neprilysin, anamuphatikiza ndi valsartan, wa BP yemwe satseka ACE, osati ndi choletsa ACE, ndipo posintha wodwala kuchoka pa enalapril kupita pa mankhwala amenewa pamafunika padutse maola 36.

Pepala lija likadzaza tibwere ku masamu, ndi ochepa koma apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amagwera m'dzenje. Ngati choletsa chanu chikulimbirana malo amodzi ndi sabusitireti, pa active site pomwepo pomwe enzaimu imagwirira ntchito, IC50 (mlingo wa choletsa womwe umatsitsa liwiro la enzaimu ndi theka) yomwe mupeze siyake ya choletsacho chokha ayi, imadalira kuti mwathira sabusitireti yochuluka bwanji. Cheng ndi Prusoff anazilemba mu 1973:

IC50 = Ki x (1 + [S]/Km)

Apa [S] ndi mlingo wa sabusitireti, Ki ndi nambala yosonyeza momwe choletsacho chimagwirira enzaimu molimba. Tiyerekeze Ki ndi 10 nM. Mu chubu choyamba mwathira sabusitireti A pa mlingo wofanana ndi Km yake, IC50 ituluka 20 nM. Mu chubu chachiwiri mwathira B koma mwina osadziwa mwathira ka 9 kuposa Km yake, IC50 ituluka 100 nM. Munthu amaona 20 ndi 100 n'kulemba mu lipoti kuti choletsa changa chimasankha A kasanu kuposa B, chonsecho palibe chomwe chasankha, Ki ndi yomweyo, kusiyanako mwakupanga nokha ndi pipette yanu. Nde lamulo ndi loti yezani kaye Km ya sabusitireti iliyonse mu bafa (buffer, madzi osunga pH) yanu yomweyo, pa pH ndi kutentha komweko, osangokopera ya mu pepa ya anthu ena, kenako iliyonse muiyike pa Km yakeyake, ndipo poyerekeza muziyerekeza ma Ki osati ma IC50.

Tsopano ganizirani zomwe zimachitika A ndi B zikakhala mu chubu chimodzi, monga zimakhalira mu selo. Liwiro la A ndi liwiro la B zonse zimagawidwa ndi nambala imodzi yapansi, yomwe ndi 1 + [A]/KmA + [B]/KmB + [I]/Ki, pomwe [I] ndi mlingo wa choletsa. Ndi manambala athu aja, popanda choletsa ndi 1 + 1 + 9, yomwe ndi 11. Thiranimo choletsa 110 nM, pansipo pakhala 22, kutanthauza kuti A yatsika ndi theka, B nayonso yatsika ndi theka, ndendende. Sinthani mlingo mmene mungathere, zizitsikabe limodzi. Ichi ndi chomwe ndikufuna chikhazikike m'mutu, choletsa chomwe chimangokhala pa active site imodzi yomwe ma sabusitireti onse amadutsapo sichingasankhe, olo chitakhala champhamvu bwanji, olo muchepetse dozi. Ngati zotsatira zanu zikuonetsa kuti chasankha, ndiye kaya muyeso wanu uli ndi vuto, kaya choletsacho chikukhala pena pake osati pomwe mukuganiza, kaya enzaimuyo ili ndi malo ogwirira ntchito oposa amodzi, ndipo ziwiri zomalizazi ndi nkhani yabwino yofunika kuilondola.

Koma chenjerani, kutsika mofanana mu chubu sikutanthauza kuti m'thupi zikwera mofanana. Apa ndi pomwe funso la enzaimu ina yochotsa limabwereranso. Ngati enzaimu yomwe mwaitseka kotheratu ndi yomwe imachotsa theka la mankhwala enaake, mlingo wake m'magazi ukwera kawiri. Ngati imachotsa 90 pa 100, ukwera ka 10. Masamu ake ndi 1 kugawa ndi gawo lomwe latsala, basi. N'chifukwa chake midazolam wakumwa, yemwe amadalira enzaimu ya m'chiwindi ndi m'matumbo ya CYP3A pafupifupi pa zonse, amakwera kupitirira ka 10 munthu akamamwa ketoconazole amene amaitseka, pomwe mankhwala ena odutsa pa enzaimu yomweyo amangosuntha pang'ono chifukwa impso kapena enzaimu ina imawatulutsabe.

Tilowe mu labu. Ndipereka chitsanzo cha xanthine oxidase chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo spectrophotometer wamba wokhala ndi UV amakwanira. Enzaimu iyi imasintha hypoxanthine kukhala xanthine, xanthine kukhala uric acid, komanso imaphwanya 6-mercaptopurine, mankhwala a khansa ya m'magazi. Mumathira bafa ya phosphate ya pH 7.5 mu cuvette, xanthine, choletsa, kenako enzaimu, n'kumayang'ana nambala ikukwera pa 295 nm pomwe uric acid akupangika. Cuvette ikhale ya quartz kapena ya pulasitiki yopangidwira UV, yagalasi wamba imameza kuwala pamenepo ndipo mudzangoona manambala ovina opanda tanthauzo. Werengani masekondi 15 kapena 30 alionse kwa mphindi zochepa zoyambirira ndipo mutenge gawo lowongoka lokha la mzere, pomwe sabusitireti yomwe yadyedwa siinapitirire 10 pa 100. Enzaimu muigawe m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwe yafika, muzitulutsa kamodzikamodzi n'kukaika pa ayezi, chifukwa yosungunuka n'kuumanso imafooka, ndipo ngati magetsi anazima usiku yezaninso liwiro lake popanda choletsa musanapitirire.

Ngati mwasungunula choletsa mu DMSO, chubu chilichonse kuphatikizapo cha kontolo chikhale ndi DMSO wofanana, ndipo yesetsani asapitirire 1 pa 100. Inu amene mukuyesa zitsamba muli ndi mavuto awiri owonjezera. Loyamba, madzi a zitsamba ambiri amameza okha kuwala pa 295 nm, nde pa mlingo uliwonse pangani chubu chopanda enzaimu n'kuchotsera. Lachiwiri ndi ma tannin ndi timankhwala tina tomwe timaundana n'kumamatira pulotini iliyonse yomwe takumana nayo, zoterezi zimaoneka ngati zikuletsa enzaimu iliyonse padziko pano. Thiranimo sopo wa mu labu wa Triton X-100 pa 0.01 peresenti kapena pulotini ya BSA pang'ono muyezenso, mphamvu ija ikasowa dziwani kuti sichinali choletsa chenicheni.

Yesaninso nthawi. Sakanizani enzaimu ndi choletsa, zina muyambitse pompo, zina mudikire mphindi 10, zina 30, kenako muthire sabusitireti. Mukaona IC50 ikutsikirabe ndi kudikira, choletsacho chimagwira pang'onopang'ono kapena chimapha enzaimu, ndipo fomula ya Cheng ndi Prusoff ija musaigwiritse ntchito mwachimbulimbuli. Allopurinol, choletsa xanthine oxidase chodziwika, yemwe mumuike ngati kontolo ndi chitsanzo chabwino, iyeyo ndi sabusitireti nayenso, enzaimu imamusintha kukhala oxypurinol, nde oxypurinol ndi amene amakakamira pa molybdenum ya enzaimuyo osafuna kuchoka.

Chinanso, musakhulupirire kwambiri timasabusitireti topanga tija tosintha mtundu kapena towala. Pa ACE anthu amagwiritsa ntchito hippuryl-His-Leu kuyambira pa njira ya Cushman ndi Cheung ya 1971, ndi kabwino poyambira, koma ndi kakang'ono, sikakhudza mbali zonse za enzaimu zomwe peputaidi yeniyeni imakhudza. Choletsa chomwe chimakhala chapatali ndi podulira chikhoza kusaoneka konse pa kasabusitireti kakang'ono koma n'kutsekereza yaikulu, kapena mosemphanitsa. Pa CYP3A4 vutoli ndi lodziwika mpaka a FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, amalangiza kuyesa ndi ma sabusitireti awiri osafanana, midazolam ndi testosterone, chifukwa thumba la enzaimuyo ndi lalikulu moti mutha kukhala mamolekyu awiri nthawi imodzi ndipo yankho limasintha malinga ndi chomwe mwayesera. Muyeso womwe umathetsa mkangano ndi wothira ma sabusitireti enieni onse mu chubu chimodzi n'kuyeza chotuluka cha aliyense ndi HPLC kapena LC-MS. Ngati makinawo mulibe, pemphani kwa anzanu a dipatimenti ina, zikakanika lembani zomwe mwayeza zokhazo ndipo mawu oti chimasankha muwasiye kaye.

Nanga ngati mukufunadi kuletsa ntchito imodzi n'kusiya zinazo, mutani? Njira yomwe yathandiza odwala ambiri ndi yosiya enzaimuyo n'kukatseka patsogolo pake. Losartan, yemwe anabwera mu 1995, satseka ACE, amatseka risepita ya angiotensin II, nde bradykinin amaphwanyidwabe ndipo chifuwa chija sichivuta kwenikweni. Musanataye chaka kufunafuna choletsa chosankha, dzifunseni ngati palibe pena pa njira yomweyo pomwe pamadutsa chinthu chimodzi chokha.

Njira ina ndi yoyang'ana ngati enzaimuyo ili ndi malo ogwirira ntchito awiri. ACE ya m'thupi ili ndi zigawo ziwiri, N ndi C, zonse zimadula bradykinin koma angiotensin II wambiri amapangidwa ndi C, pomwe Ac-SDKP amadulidwa kwambiri ndi N. Nde mukatseka C yokha BP itha kutsika N ikupitirizabe kusesa bradykinin. Ntchito yaikulu pa izi yachitika konkuno kum'mwera kwa Africa, gulu la Edward Sturrock ku University of Cape Town limodzi ndi la Ravi Acharya ku Bath ndi omwe anatulutsa kapangidwe ka ACE ya munthu itagwirana ndi lisinopril mu 2003, ndipo akhala akupanga zoletsa zosankha chigawo C.

Yomwe imandisangalatsa kwambiri ine ndi ya kukula kwa sabusitireti. Pali enzaimu yotchedwa IDE yomwe imaphwanya insulin, nde anthu anaganiza kalekale kuti ukaitseka insulin akhalitsa m'magazi ndipo shuga atsika. Gulu la David Liu ku Harvard litapeza choletsa chabwino mu 2014 n'kuyesa pa mbewa, linaona kuti IDE imaphwanyanso glucagon, amene amakweza shuga, komanso amylin, moti zotsatira zinkasintha malinga ndi momwe shuga waperekedwera. Mu 2019 anatulutsa zoletsa zina zomwe sizikhala podulira ayi, zimakhala pakona ina mkati mwa chibowo cha enzaimuyo. Insulin ali ndi ma amino acid 51 ndipo ndi wokhuthala, choletsacho chikakhalamo iye sakwanamo, pomwe glucagon wa 29 amalowabe n'kudulidwa. Ngati mukufuna kupeza zoterezi, kusefa kwanu kuyambe ndi ma sabusitireti awiri enieni kuchokera tsiku loyamba, chifukwa kasabusitireti kowala kaja kadzakubisirani zomwe mukufunazo.

Ndipo pena yankho ndi loti enzaimuyo siyoitseka. Gamma-secretase imadula pulotini ya APP n'kutulutsa amyloid ya matenda a Alzheimer, koma imadulanso Notch, pulotini yowongolera kakulidwe ka maselo, ndi mapulotini ena oposa 90. Eli Lilly anaimitsa kafukufuku wa semagacestat, choletsa cha enzaimuyi, mu Ogasiti 2010 ataona kuti omwa mankhwalawo akuiwala kwambiri kuposa omwe sankamwa, ndipo khansa ya pakhungu inachuluka. Kuchokera apo ambiri anatembenukira ku mankhwala ongosuntha pomwe enzaimuyo imadulira m'malo moitseka. Koma taonani, mu 2023 nirogacestat, choletsa cha enzaimu yomweyo, analoledwa pa zotupa za desmoid, komwe kutseka Notch ndi komwe kukufunikako. Sabusitireti yomwe ili vuto pa matenda ena ndi yomwe mukuisaka pa matenda ena, nde pa pepala lanu lija lembani bwinobwino kuti wodwala wanu ndi ndani.

Kwa inu a ku chipatala ndi ku famase, ntchito ndi yomweyo koma pepala lanu ndi mndandanda wa zonse zomwe wodwala akumwa, kuphatikizapo zogula yekha. Ritonavir wa 100 mg amene ali mu atazanavir, lopinavir kapena darunavir sanaikidwemo kuti aphe kachilombo, ntchito yake ndi kutseka CYP3A4 dala kuti mnzakeyo akhalitse m'magazi, koma enzaimu imeneyo ndi yomwe imagaya mankhwala ambirimbiri. Simvastatin sapita limodzi ndi ritonavir, minofu imaonongeka mpaka kupweteka impso. Ergotamine wa mutu waching'alang'ala ndi woletsedwa kotheratu kwa munthu amene ali pa ritonavir, amatha kufinya mitsempha mpaka zala kufa. Fluticasone, olo ali wongopopera m'mphuno kapena m'chifuwa, amaunjikana mpaka nkhope kutupa ngati ya munthu amene wamwa ma steroid ambiri, bola beclomethasone. Amlodipine yambani ndi dozi yochepa muziyeza BP ndi kuona mapazi. LA nayenso amadutsa pomwepo, lumefantrine amene ali m'kati mwake amakwera, ndipo pa kafukufuku wa ana ku Tororo ku Uganda yemwe anatuluka mu 2012, ana omwe anali pa lopinavir ndi ritonavir ankadwala malungo mochepa ndi 41 peresenti, makamaka chifukwa lumefantrine ankakhalitsa m'thupi atalandira chithandizo. Apo zinathandiza, koma zikuonetsa kuti mlingo umasinthadi, nde samalani ngati munthuyo akumwanso zina zosokoneza kagundidwe ka mtima.

Allopurinol wa gout musamuone kuphweka. Gertrude Elion ndi George Hitchings poyamba ankamuyesa kuti ateteze 6-mercaptopurine asaphwanyidwe msanga, za gout zinabwera pambuyo, ndipo ntchito yoyambayo amaigwirabe mpaka lero kaya mwafuna kaya simunafune. Munthu amene ali pa azathioprine, yemwe m'thupi amasanduka 6-mercaptopurine, kapena pa 6-mercaptopurine weniweniyo mukamuwonjezera allopurinol osasintha kanthu, maselo oyera a magazi amagwa koopsa. Ngati palibe kuchitira mwina dozi ya azathioprine imatsitsidwa kufika pafupifupi kota, ndipo full blood count iziyezedwa pafupipafupi masabata oyambirira.

Funsaninso za nthawi posiya mankhwala. Choletsa chongogwira n'kusiya mphamvu yake imatha mankhwalawo akatuluka m'magazi, koma ritonavir amaononga CYP3A4 yomwe waipeza, thupi limayenera kupanga ina yatsopano ndipo zimatenga masiku angapo. Nde munthu amene wamaliza dzulo Paxlovid, mankhwala a COVID omwe ali ndi ritonavir, kapena wangochotsedwa kumene pa atazanavir musamubwezere simvastatin m'mawa mwake, dikirani masiku osachepera atatu, kwa okalamba kupitirirapo, ndipo dozi iliyonse yomwe munaitsitsa chifukwa cha ritonavir mulembe tsiku loti idzakwezedwenso m'buku lake kuti amene adzamuone ulendo wotsatira adziwe.